Kodi wapolisi wa Orwell anawombera njovu chifukwa chokakamizidwa ndi anzake?

Aphunzitsi ena a Chingerezi ku sekondale andilembera pa imelo. Akufuna kuwerenga ndi ana a m'kalabu yawo yowerenga nkhani ya George Orwell yotchedwa "Shooting an Elephant", ndipo manotsi amene apeza pa intaneti akuti phunziro lalikulu la nkhaniyi n'lakuti munthu asamachite zinthu chifukwa chokakamizidwa ndi anzake. Akufunsa ngati angaiphunzitse choncho, n'kuilumikiza ndi zimene achinyamata amakumana nazo pa za mowa ndi chamba, komanso kuti phunzirolo aliyendetse bwanji.

Aphunzitsi, ndathokoza polemba. Nkhaniyo muwerenge nawo ndithu anawo, mwasankha bwino, koma manotsiwo muwaike pambali. Kawerengedwe kamene mwapezako kafala kwambiri, ndipo kamandiwawa nthawi iliyonse ndikakaona. Kamatenga munthu amene wanyamula mfuti n'kumusandutsa wozunzidwa, kenako n'kutenga anthu olamulidwa, opanda ngakhale ndodo m'manja, n'kuwasenzetsa mlandu. Komanso m'nkhaniyi muli mtembo wa munthu, ndipo manotsi otere amaudumpha ngati pamenepo sipanagone kanthu.

Nkhaniyi inasindikizidwa koyamba mu 1936 m'magazini ya New Writing. Orwell, amene dzina lake lenileni linali Eric Blair, anagwira upolisi wa atsamunda ku Burma, dziko limene lero likutchedwa Myanmar, kuyambira 1922 mpaka 1927. Anafikako ali ndi zaka 19. Mu 1926 anamutumiza ku Moulmein, doko la kum'mwera kumene kunali malonda aakulu a mitengo ya teak, ndipo njovu zoweta ndi zimene zinkakoka ndi kusanja mitengoyo. Olemba mbiri ya moyo wake amatsutsana ngati iye mwini anawomberadi njovu, choncho m'kalasi muzinena kuti "wosimba nkhani" kapena "wapolisi". Ana akazolowera kunena kuti "Orwell anachita", amayamba kuweruza mlembi m'malo mofufuza chimene mlembiyo wamupangitsa mpangankhani wake kuulula.

Zimene zikuchitika n'izi. M'mawa wina wapolisi wa m'munsi mwake akuimbira wosimba nkhaniyo foni kuti njovu ikuwononga kumsika. Si njovu yakutchire ayi. Ndi yoweta, yamphongo, imene yalowa nyengo ija njovu zamphongo zimalusa, pamene timadzi timatuluka pakati pa diso ndi khutu ndipo nyamayo imasiya kumvera munthu. Pa nyengo yotere eni ake amaimanga ndi unyolo, ndipo iyi inali yomanga, koma inadula unyolowo usiku. Woisamalira, munthu yekhayo amene akanatha kuibweza, anaitsata kolakwika moti anali kutali ulendo wa maola 12. Njovuyo inali itagwetsa nyumba yansungwi, itapha ng'ombe, itadya zipatso za ogulitsa, itagubuduzanso galimoto yotaya zinyalala. Wapolisiyo akunyamuka ndi mfuti yaing'ono, Winchester .44, akudziwa kuti singaphe njovu koma akuyembekeza kuti phokoso lake lingaiwopseze. Kenako akupeza mtembo wa mmwenye waganyu, atamupondera m'matope chafufumimba, khungu la kumsana litasendeka. Apa m'pamene akutuma munthu kukabwereka mfuti yophera njovu kwa mnzake, ndipo ikubwera ndi zipolopolo 5.

Akuipeza njovuyo m'minda ya mpunga, pafupi ndi msewu, ikuzula udzu, kuukutumula pa mawondo n'kumadya. Atangoiona akuti anadziwiratu kuti sayenera kuiwombera. Ukali unkaoneka kuti watha. Njovu yogwira ntchito inali ya mapaundi osachepera 100, pomwe yakufa mtengo wake ndi wa minyanga basi, mwina mapaundi 5. Ndiye akucheuka n'kuona khamu la anthu osachepera 2,000 litadzaza msewu, ndipo akuti pamenepo anamva kuti chifuniro chawo chikumukankha ndipo sangachitire mwina.

Ndime imeneyi ndi imene opanga manotsi amaimapo. Koma pemphani anawo abwerere m'mbuyo pang'ono, afufuze kuti ndani m'khamumo anamuuza kuti awombere. Sapeza munthu. Anthu anayamba kufuula kuti awombera njovu ataona mfuti yaikuluyo m'manja mwake. Sanamulamule, anangowerenga zimene zinali pamaso pawo, ndipo wosimbayo akuvomera yekha kuti anadzimanga pa nthawi imene anatuma munthu kukatenga mfutiyo. Chiyembekezo cha khamulo anachiyambitsa ndi iyeyo. Ndipo pamene anafunsa anthu a kumeneko amene ankaoneka odziwa za njovu, onse anamuuza zofanana: ukaisiya siikulabadira, koma ukaiyandikira kwambiri ikhoza kukuthamangitsa. Malangizo okhawo amene anthu a ku Burma akupereka ndi pakamwa pawo m'nkhani yonseyi ndi omutsegulira njira yoti asawombere. Zina zonse, zoti ankafuna nyama, zoti ankafuna zoonerera, zoti akanamuseka, tikuzimva kuchokera m'mutu mwa munthu amene akuti ankangoona nyanja ya nkhope, wosatchula dzina la munthu ngakhale mmodzi.

Njira inalipo, ndipo akuilongosola yekha mwatsatanetsatane. Akanayenda kufika pa mayadi 25 kuchokera pamene panali njovuyo n'kuona khalidwe lake. Ikanamuthamangira akanawombera, ikanapanda kumulabadira akanaisiya mpaka woisamalira abwere. Akukana njira imeneyi ponena kuti sanali katswiri pa mfuti ndiponso pansi panali matope oti munthu akhoza kutitimira. Zifukwa zimenezi n'zomveka. Koma akuwonjezera kuti sankaganizira kwambiri za moyo wake. Chimene chinamugwira mtima n'chakuti njovuyo ikanamupondereza, anthu 2,000 aja akanamuona atasanduka mtembo ngati mmwenye uja, ndipo ena akanaseka. Ana anu aione bwino mfundo imeneyi: mantha ake si a imfa, ndi oti angafanane ndi waganyu pamaso pa anthu amene amawalamulira.

Nanga kusekedwa kunali koopsa chotani kuti munthu aphe nyama imene sakufuna kuipha? Yankho lili m'mbiri ya dzikolo, ndipo popanda mbiriyi nkhaniyi imasanduka ya mnyamata wamanyazi. Angerezi analanda Burma m'nkhondo zitatu: ya 1824 mpaka 1826, ya 1852, ndi ya 1885, imene inatha ndi kuchotsa mfumu Thibaw n'kuitumiza ku India. Moulmein yemweyo anagwa m'manja mwawo nkhondo yoyamba ija itatha. Dziko la anthu oposa 13 miliyoni linkalamulidwa ngati chigawo cha India mpaka 1937, ndipo ufulu linaulandira pa 4 January 1948. Azungu olamulira anali ochepa zedi poyerekeza ndi olamulidwa. Ulamuliro wotere sungaime pa zipolopolo zokha, chifukwa sizingakwane. Umaima pa chikhulupiriro chakuti bwana sakayika, sabwerera m'mbuyo, sachita mantha. Bwana mmodzi akasekedwa pagulu, chikhulupirirocho chimang'ambika kwa onse. N'chifukwa chake wosimbayo akunena kuti moyo wonse wa mzungu kum'mawako unali nkhondo yoti asasekedwe, ndipo akuyerekeza udindo wake ndi chigoba chovala kumaso chimene nkhope imakula mpaka kuchidzaza. Chomukakamiza chinali yunifomu yake ndi boma limene linamuveka.

Ndipo chidani chimene akudandaula nacho koyambirira kwa nkhani chinali ndi gwero. Akusimba kuti pa bwalo la mpira munthu ankamupinga woyimbira n'kuyang'ana kumbali, anthu n'kuseka, ndiponso kuti ansembe achinyamata achibuda ankaima m'makona a misewu kumanyoza azungu. Mwana wowerenga yekha amamumvera chisoni pamenepa. Muuzeni kuti m'zaka zomwezo ansembe achibuda ndi amene ankatsogolera kukana utsamunda. U Ottama anamangidwa mu 1921 chifukwa cha zimene ankayankhula pa misonkhano. U Wisara anafera m'ndende mu 1929 atanyanyala chakudya kwa miyezi yoposa isanu. Ophunzira a pa yunivesite ya Rangoon ananyanyala maphunziro mu December 1920. Wosimbayo sabisa zimene ntchito yake inkamuonetsa: akaidi opanikizana m'zitokosi zonunkha, amuna a zipsera za nsungwi kumatako. Kumupinga pa mpira ndi kumuseka ndizo zida zimene zinatsala m'manja mwa anthu amene anali opanda mfuti. Kuwatcha anthu amenewa anzake omukakamiza ndi kuwalanda ngakhale kachida kakang'onoko.

Mkangano wa mumtima ulipo m'nkhaniyi, ndipo ndi woyipa kuposa umene manotsi amanena. Wosimbayo akuti mumtima anali kumbali ya anthu a ku Burma ndipo ankadana ndi ufumu umene ankautumikira. M'ndime yomweyo akuti chimene chikanamusangalatsa koposa ndi kubaya wansembe wachibuda pamimba ndi mpeni wa kumfuti. Zonse ziwiri akuzinena moona. Munthu akhoza kudziwa kuti dongosolo ndi loipa, n'kumadanabe ndi anthu amene dongosololo likuwapondereza chifukwa iwo ndi amene amamukumbutsa tsiku ndi tsiku chimene iye ali. Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 akhoza kuimvetsa mfundo imeneyi mukawapatsa mpata, ndipo ndi yolemera kwambiri kuposa "musamatengere anzanu".

Anzake enieni alimo m'nkhaniyi, koma akutulukira m'ndime yomaliza. Ndi azungu anzake. Achikulire akuti anachita bwino. Achinyamata akuti n'zomvetsa chisoni kuwombera njovu chifukwa yapha waganyu, poti njovu ndi ya mtengo wapatali kuposa waganyu aliyense. Onani kuti magulu awiriwa akutsutsana pa za njovu, koma palibe gulu limene likufunsa za munthu wafayo: dzina lake, mkazi wake, amene amuike m'manda. Mwini njovu anakwiya kwambiri, koma poti anali mmwenye palibe chimene akanachita. Ndipo wosimbayo akumaliza ndi kuulula kuti pambuyo pake anakondwera kuti waganyu uja anafa, chifukwa imfa yake inamupatsa chifukwa chovomerezeka pa malamulo, ndipo ankadzifunsa ngati pali wina amene anazindikira kuti anawombera pongofuna kuti asaoneke chitsiru.

Ngati mukufuna malo amene Orwell analemba za kukakamizidwa ndi anzako m'njira yake yeniyeni, ali m'buku lake la Burmese Days la 1934. Mmenemo Flory, wochita malonda a matabwa, ali ndi bwenzi dokotala wachimwenye, Veraswami. Ku kalabu ya azungu kukabuka nkhani yolowetsa munthu woyamba amene si mzungu, anzake akupachika chikalata chonyoza chokana zimenezo, ndipo Flory akusainira poopa mkangano ndi anthu amene amamwa nawo madzulo aliwonse. Amenewo ndiwo anzake, ofanana naye mphamvu, oti akhoza kumusala. Khamu la ku Moulmein silikanamusala wapolisi uja pa chilichonse.

Ndibwerere kwa womwalirayo, chifukwa ndiye amandipangitsa kuumirira chonchi. Kwathu kuno tikamva kuti mmwenye timaganiza za mwini sitolo. Uyu anali wonyamula katundu, mmodzi mwa amphawi ambirimbiri amene ankawoloka nyanja kuchokera ku India kukagwira ntchito m'madoko ndi m'zigayo za mpunga za ku Burma, poti maiko awiriwa anali pansi pa boma limodzi. Anali pansi pa onse: pansi pa azungu, ndiponso osakondedwa ndi eni nthaka, moti mu May 1930 ku Rangoon kunabuka zipolowe pakati pa antchito a padoko achibama ndi achimwenye ndipo anthu ambiri anafa. Tsono uzani ana awerenge mizere. Imfa ya munthuyu yapatsidwa ndime imodzi, ndipo m'ndimemo akuyerekezedwa ndi kalulu wosenda. Imfa ya njovu yapatsidwa ndime zingapo zolembedwa mwachifundo chachikulu. Wapolisiyo sanadziwe kuti njovu ikaima chammbali umaloza pa bowo la khutu, ndiye analoza patsogolo pake poganiza kuti ubongo uli kumeneko. Anawombera katatu njovuyo isanagwe, zipolopolo ziwiri zotsala anazithera pomwe ankaganiza kuti pali mtima, kenako anatumanso mfuti yaing'ono ija n'kumawomberabe osaphula kanthu. Anachokapo isanafe, ndipo anamva pambuyo pake kuti inatenga theka la ola. Anthu anali atabwera kale ndi zikwanje ndi madengu, ndipo pofika masana panatsala pafupifupi mafupa okha.

Wowerenga aliyense amalira njovu. N'zoyenera, ndimeyo inalembedwa kuti ipweteke. Koma ngati kalasi yonse yatuluka ikulira njovu osakumbuka munthu, yaima mbali imodzi ndi azungu achinyamata a m'ndime yomaliza aja osadziwa. Ine ndimakhulupirira kuti Orwell anakonza dala kuti zikhale choncho, kuti mawu omaliza aja akatigwire ife owerenga. Ena amati ayi, iye mwini sankaona anthu a ku Burma ngati anthu paokhapaokha, ndipo mfundo yake yotchuka, yakuti mtsamunda akasanduka wankhanza amawononga ufulu wake womwe, imaika mzungu pakatikati pa chisoni chonse. Nawonso ali ndi mfundo yolimba. Wapolisiyo anabwerera kunyumba ndi malipiro ake ndi lamulo lili kumbali yake. Mwini njovu anataya chuma cha mapaundi 100. Waganyu anataya moyo. Kunena kuti onse atatu anali akapolo a dongosolo limodzi n'zoona pang'ono, koma ukapolo wake sunali wofanana, ndipo mphunzitsi amene asiya ana ake akuganiza kuti unali wofanana wawalakwira. Musawasankhire mbali pa mkangano wa ngati Orwell anachita dala. Apatseni ndime ziwirizo atsutsane ndi umboni.

Ikemefuna

Ngati sukulu yanu ili ndi Things Fall Apart ya Chinua Achebe, ya 1958, muli ndi chida chabwino koposa chofotokozera kusiyanaku. Ikemefuna ndi mnyamata wa ku mudzi wa Mbaino amene anaperekedwa ku mudzi wa Umuofia ngati dipo la mkazi wophedwa. Akukhala kwa Okonkwo, mpangankhani wamkulu wa bukuli, zaka zitatu, akumutcha bambo, ndipo Nwoye mwana wa Okonkwo akumukonda ngati mkulu wake. Mizimu itagamula kuti mnyamatayo aphedwe, mkulu Ezeudu akubwera yekha kudzamuchenjeza Okonkwo kuti asaikepo dzanja poti mwanayo amamutcha bambo. Okonkwo akupitabe. M'nkhalango munthu wina akuyamba kutema, mnyamatayo akuthawira kwa Okonkwo akulira, ndipo Okonkwo akumumaliza ndi chikwanje chake poopa kuoneka wofooka. Zili m'mutu 7.

Apa amuna omuzungulira ndi anzake enieni, a mudzi umodzi, a maudindo ofanana, amene mawu awo amakweza kapena kutsitsa dzina la munthu. Koma Achebe sakumulola Okonkwo kubisala kumbuyo kwawo. Palibe amene anamuuza kuti ateme, ndipo wamkulu wa onse anamuuza kuti asateme. Chimene akuopa ndi mthunzi wa bambo ake Unoka, amene anafa ali ndi ngongole opanda udindo. M'mutu 8 akukumana ndi Obierika, bwenzi lake, amene sanapite nawo ku nkhalango ndipo palibe amene akumuyesa wamantha. Obierika akuti mizimu ikanagamula za mwana wake sakanatsutsa, komanso sakanakhala iyeyo wochita. Munthu ameneyu ndi umboni woti njira ina inalipo m'mudzi womwewo, pansi pa mwambo womwewo. M'nkhani ya Orwell mulibe Obierika, mulibe mzungu amene anaima pamaso pa khamu n'kutsitsa mfuti, n'chifukwa chake n'kosavuta kukhulupirira wosimbayo akamati sakanachitira mwina. Ana akawerenga nkhani ziwirizi moyandikana amayamba okha kufunsa kuti Obierika wa ku Moulmein akanachita chiyani, ndipo yankho lake ndi la mayadi 25 lija.

Kumapeto kwa buku la Achebe kuli chinanso chimene anthu ambiri amachiphonya. Okonkwo atadzimangirira, bwana DC akulamula amesenjala ake kuti atsitse mtembo, iye n'kuchokapo, poganiza kuti DC sayenera kuoneka pa ntchito yonyozeka ngati imeneyo chifukwa anthu angasiye kumulemekeza. Ndi mantha omwe aja a wapolisi wa ku Moulmein, koma tsopano tikuwaona kuchokera kunja, kudzera m'maso mwa mudzi umene taukhala buku lonse. Ndipo akuchoka akuganiza kuti moyo wa Okonkwo ungakwane ndime imodzi m'buku limene akulemba. Waganyu wa Orwell anapatsidwadi ndime imodzi. Achebe analemba buku lathunthu la munthu amene mtsamunda akanamupatsa ndime imodzi, ndipo ana anu akaona zimenezi sadzafunanso manotsi a pa intaneti.

Pali mgwirizano wina ndi kwathu umene mungautchule mosamala. Asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles anakamenya nkhondo ku Burma komweko mu 1944, kuteteza ufumu womwewo umene unkalamulira kwawo, ndipo mwina m'kalasi mwanu muli mwana amene agogo a makolo ake anapitako. Komanso pa 3 March 1959, tsiku limene bwanamkubwa Robert Armitage analengeza za chitetezo chapadera ndipo Dr Banda anamangidwa, ku Nkhata Bay khamu linasonkhana pa doko pomwe omangidwa anali m'sitima ya Mpasa. Akuluakulu a boma anali ndi asilikali ochepa pamaso pa anthu ambiri, ndipo asilikaliwo anawombera. Lipoti la Devlin, la komiti imene inafufuza za zochitikazi, linawerenga anthu 20 ophedwa pamenepo. Musawauze ana kuti nkhani ziwirizi n'zofanana, chifukwa sizofanana. Koma zimawathandiza kuona chinthu chimene khamu la ku Moulmein linkachidziwa bwino: mfuti imene yaloza njovu lero ikhoza kutembenuka, ndipo amene ali kutsogolo kwake ndi amene ali kumbuyo kwake sangatchedwe anzake a wina ndi mnzake.

Za kayendetsedwe ka phunziro, nkhaniyi ndi yaifupi, masamba ochepa chabe, moti misonkhano itatu ya mphindi 40 ikwana. Musanayambe kuwerenga achenjezeni kuti muli mawu onyoza amwenye ndi anthu a ku Burma, ndipo muwauze kuti mawuwo ndi umboni woti augwiritse ntchito polemba, osati oti azitchulana nawo pabwalo. Pa msonkhano woyamba perekani mphindi 10 ku mbiri ija, zaka za nkhondo zitatu ndi za ansembe, kenako werengani mokweza mpaka pamene mfuti yaikulu ikufika, n'kuima. Afunseni alembe njira zonse zimene wapolisiyo ali nazo pa nthawi imeneyo asanadziwe mathero. Akadziwiratu mathero amaganiza kuti panalibe njira ina. Pa wachiwiri malizani kuwerenga, ndipo pa bolodi mugawe mbali ziwiri: zimene anthu a ku Burma ananena kapena kuchita, ndi zimene wosimbayo akuganiza kuti iwo akufuna. Mbali yoyamba idzakhala yaifupi kwambiri. Pa wachitatu werengani mutu 7 ndi chiyambi cha mutu 8 wa Achebe, kenako alembe.

Polemba amalakwa m'njira zitatu zodziwika. Ena amangobwereza nkhani yonse osatsutsapo kanthu, chifukwa funso linali lotakata. Apatseni funso lopapatiza, monga lakuti ndi pa nthawi iti yeniyeni pamene wapolisiyo anataya ufulu wosankha, ndipo anamulanda ndani. Ena amasandutsa nkhaniyo kukhala ya nkhanza kwa nyama, chifukwa ndime za imfa ya njovu ndizo zawakhudza. Amenewa muwabwezere ku ndime ya mtembo ndi ndime yomaliza. Ena amatenga chilichonse chimene wosimbayo wanena ngati choona chosatsutsika, makamaka pa za maganizo a khamu. Lamulo losavuta n'lakuti mfundo iliyonse yonena za anthu a ku Burma iyambe ndi "wosimbayo akuti", ndipo pakhale mzere wa m'nkhani woichirikiza.

Ngati akuluakulu a sukulu akufunabe phunziro la achinyamata pa za kutengera anzawo, lipangeni padera tsiku lina, ndipo mugwiritse ntchito Okonkwo ndi Obierika, kapena Flory ndi chikalata cha ku kalabu. Mmenemo anthu okakamizanawo ndi ofanana mphamvu, monga momwe alili ana a m'kalasi imodzi.